Madimba a ku Mulanje: Mbiri ya Ulimi wa Ndiwo Zamasamba M'mphepete mwa Phiri

Boma la Mulanje limadziwika kwambiri ndi phiri lake, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, komanso ndi minda ya tiyi yomwe yayala kumwera kwa phirilo, koma ulimi umene wakhala ukupatsa mabanja ambiri ndiwo ndi kandalama ka tsiku ndi tsiku, makamaka m'miyezi imene mvula yaleka, ndi wa m'dimba. Dimba ndi kamunda ka m'mbali mwa mtsinje, m'dambo kapena kumunsi kwa kasupe, pomwe nthaka imasunga chinyontho kapena pomwe madzi othirira ali pafupi, ndipo limasiyana ndi munda wakumtunda umene umadalira mvula ya dzinja yokha. Ngakhale dimba limakhala la banja limodzi, mbiri yake ikusonyeza kuti lakhala likudalira anthu ena nthawi zonse, pakuti malo ake amachokera ku mbumba ndi kwa mfumu, madzi ake ndi ogawana ndi oyandikana nawo, ndipo antchito ndi ogula ake ndi anthu a m'mudzi ndi a m'misika yozungulira. Chimene chasintha m'zaka zoposa 150 zapitazi ndi kukula kwa udindo umene kamunda aka kasenza, chifukwa kanayamba ngati kothandizira nkhokwe koma malo olima atachepa kanasanduka gwero la ndalama za sopo, mchere, feteleza ndi sukulu, pamene thandizo lochokera kumudzi silinakule mofanana ndi udindowo.

Nthaka, madzi ndi nyengo

Phiri la Mulanje limatchinga mphepo yachinyontho yochokera kunyanja yamchere ya India, choncho mbali yake ya kumwera ndi kumwera chakum'mawa, komwe kuli madera a Mimosa, Lujeri, Limbuli ndi Muloza, imalandira mvula yochuluka kuposa madera ambiri a dziko la Malawi, pamene chigwa cha Thuchila, chomwe chili chakumadzulo ndi kumpoto, ndi chouma ndipo m'malo ena chili ndi dothi lakuda la makande lomwe limamata m'dzinja ndi kung'aluka m'chilimwe. Pamwamba pa phirilo pamachokera mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza pamodzi ndi timitsinje tambirimbiri, ndipo ikuluikulu mwa iyo imayenda chaka chonse. Kuwonjezera apo, pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumagwa chiperoni, mvula yamawawa yodza ndi nkhungu ndi kuzizira kuchokera cha ku Mozambique, yomwe imachedwetsa kuuma kwa nthaka pa nthawi imene madera ena a dziko lino amakhala atayamba kale fumbi.

Kusiyana kwa madera kumeneku kunabala mitundu iwiri ya madimba. Kufupi ndi phiri, komwe malo ndi otsetsereka, alimi amapatutsa madzi a kamtsinje ndi miyala ndi matope n'kuwayendetsa m'ngalande mpaka kumabedi, kotero kuti madzi amafika okha popanda kusenza. M'chigwa, komwe mitsinje imayenda pang'onopang'ono ndipo imasefukira m'dzinja, alimi amadikira kuti madzi aphwe, amabzala pa chinyontho chotsalira m'dothi lachonde limene mtsinje wasiya, ndipo chinyonthocho chikatha amakumba zitsime zosazama zomwe amatungamo ndi ndowa kapena kheni, chomwe ndi chitini chothirira chokhala ndi mlomo wa tizibowo.

Dimba la makolo

Anthu oyamba kudziwika bwino m'mbiri ya dera lino ndi Amang'anja, omwe ankalima mapira, mawere, nyemba, maungu, mbatata, chimanga, fodya ndi thonje. David Livingstone, yemwe anadutsa m'mapiri a kum'mawa kwa mtsinje wa Shire mu 1859 pa ulendo wake wa kunyanja ya Chilwa, analemba m'buku lake la 1865 kuti anthuwa ankakolola chimanga ngakhale kunja kwa dzinja, zomwe zinkatheka chifukwa ankabzalanso m'malo achinyontho, ndipo anafotokozanso kuti Bishopu Charles Mackenzie, yemwe anakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, anavomera kuti anthu amene iye anabwera kudzawaphunzitsa ulimi ankaudziwa kuposa iye. Katswiri wa mbiri Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za chigwa cha Shire, anasonyeza kuti chuma cha Amang'anja chinkaima pa minda iwiri, wakumtunda ndi wa dimba, kotero kuti mvula ikalephera pamunda woyamba banja linkathawira pa wachiwiri. Dimba la nthawi imeneyo linali la chakudya osati la malonda, ndipo mbewu zake zazikulu zinali chimanga, nyemba ndi maungu, zomwe masamba ake, khwanya ndi mnkhwani, ankatchola n'kuphika ngati ndiwo zipatso zake zisanakhwime.

Ntchito yolemera monga kuswa mphanje kapena kulima dothi lolimba la m'dambo inkachitika mwa dima, womwe ndi mwambo woitana abale ndi anansi kudzalima tsiku limodzi pamunda wa banja lomwe lafulula mowa kapena thobwa, ndipo woitanayo ankayenera kupitanso akaitanidwa kwa mnzake. Malo ankagawidwa ndi mfumu kwa mbumba, ndiye kuti gulu la alongo ndi ana awo loyang'aniridwa ndi mlongo wawo wamwamuna, ndipo popeza ukwati unali wachikamwini, momwe mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, minda ndi madimba zinkadutsa kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Dongosolo limeneli linagwedezeka kuyambira m'zaka za m'ma 1860, pamene magulu a Ayao otsogozedwa ndi mafumu monga Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu anakhazikika mozungulira phiri n'kumalamulira njira zamalonda a minyanga ndi akapolo zopita kugombe la Quelimane, ndiponso pamene chilala cha 1862 ndi 1863 chinapha anthu ochuluka m'chigawo cha Shire. M'nthawi za nkhondo midzi yambiri inkasamukira m'mapiri, ndipo kupita kudimba la m'chigwa kunali kuika moyo pachiswe.

Minda ya tiyi ndi kuchepa kwa malo

Dziko lino litakhala pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891, woimira boma la Britain, Harry Johnston, anapereka kwa azungu zikalata zotsimikizira umwini wa malo aakulu omwe ankati anagula kwa mafumu, ndipo mu 1893 boma linamanga malinga a Fort Anderson ndi Fort Lister pofuna kutseka njira za akapolo ndi kugonjetsa mafumu a m'dera la Mulanje. Malo amene anatengedwa anali a kumwera kwa phiri, komwe mvula ndi mitsinje n'zochuluka. Henry Brown anabzala tiyi ku Mulanje mu 1891 pogwiritsa ntchito mbewu zochokera kumishoni ya Blantyre, ndipo khofi atalephera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, njanji itafika ku Luchenza ndi Blantyre mu 1908, komanso pangano la mayiko olima tiyi la 1933 litakweza mitengo, tiyi anakhala mbewu yaikulu ya maesiteti monga Lauderdale, Ruo ndi Lujeri.

Pa nthawi yomweyo Alhomwe ochuluka ankalowa m'dziko lino kuchokera kum'mawa, kuthawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo ena anapatsidwa malo ndi mafumu pamene ena anakhala m'maesiteti pansi pa thangata, lomwe linali lamulo loti wokhala pamalo a mzungu azigwira ntchito kwa miyezi ingapo pachaka m'malo mwa lendi. Kubwera kwawo kunachulukitsa anthu pamalo ochepa omwe anatsala, ndipo ulimi wosakaniza chimanga, nandolo, chinangwa ndi kalongonda pamunda umodzi unakula chifukwa unali njira yopezera zakudya zingapo pa kachigawo kamodzi. Chofunika kwambiri pa mbiri ya dimba n'chakuti tiyi amaphuka kwambiri m'dzinja, choncho eni maesiteti ankafuna antchito ambiri pakati pa Disembala ndi Epulo, miyezi yomweyo imene munda wakumtunda umafuna kupalira ndi kubandira. Banja lomwe mwamuna wake anali kuthangata, kapena lomwe mayi ndi ana anali kutchola tiyi, linkakolola zochepa kumtunda, ndipo nyengo yokhayo imene linkapeza mpata wolimira zake mokwanira inali ya chisanu ndi chilimwe, yomwe ndi nyengo ya dimba. Amuna ambiri ankapitanso ku migodi ndi mafamu a ku Southern Rhodesia ndi South Africa, zomwe zinasiya gawo lalikulu la ntchito ya m'dimba m'manja mwa amayi.

Maesiteti omwewo amene anachepetsa malo ndi amenenso anabweretsa msika woyamba wodalirika wa ndiwo zamasamba. Antchito okhala m'makomboni ankalandira phoso, chakudya chogawidwa ndi bwana chomwe makamaka chinali ufa, nyemba ndi mchere, koma ndiwo zatsopano ankagula kwa anthu a m'midzi yoyandikana, makamaka pa tsiku lamalipiro. Minda ya amishoni a Church of Scotland, omwe anakhazikika ku Blantyre mu 1876 ndi ku Mulanje mu 1890, pamodzi ndi minda ya pakhomo ya azungu ndi ya amwenye a m'masitolo, inafalitsa kabichi, karoti, nsawawa ndi mitundu yatsopano ya tomato ndi anyezi, ndipo anthu omwe ankagwira ntchito m'minda imeneyi anatengera kumudzi luso lofesa pa nazale, kuwokera mbande m'mabedi ndi kuthira manyowa. Ndiwo zamakolo sizinathe, ndipo buku la Jessie Williamson la 1955 lonena za zomera zothandiza za mu Nyasaland likusonyeza kuchuluka kwa masamba olimidwa ndi omera okha omwe amayi ankaphika ndi kufutsa, koma kuyambira nthawi imeneyi dimba linayamba kugawika pakati pa mbewu zodya pakhomo ndi mbewu zogulitsa.

Nthawi ya malimidwe

M'zaka za m'ma 1940 akuluakulu a zaulimi a boma la atsamunda anafika pokhulupirira kuti kukokoloka kwa nthaka ndilo vuto lalikulu la dziko lino, ndipo lamulo la Natural Resources Ordinance la 1946 linawapatsa mphamvu zokakamiza alimi kuunga mizere yopingasa m'malo mwa matutu, kukumba migula ndi kusiya kulima m'malo otsetsereka kwambiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Malamulo amenewa, omwe anthu ankawatcha malimidwe, ankatsatidwa ndi chindapusa, kuzulidwa kwa mbewu ngakhalenso ndende, ndipo anakhwima kwambiri pa nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, yemwe analamulira kuyambira 1948 mpaka 1956. Mfundo yoteteza magombe a mitsinje inali ndi maziko ake, pakuti gombe lopanda bango ndi mitengo limagumuka, koma kwa anthu omwe malo awo abwino anali pansi pa tiyi, kuletsedwa kulima m'mbali mwa madzi kunali kulandidwa munda wotsiriza. Njala ya 1949, yomwe inadza mvula italephera m'chigawo cha kumwera ndipo Megan Vaughan anaifotokoza m'buku lake la 1987, inakumbutsa anthu kufunika kwa malo achinyontho pa nthawi yomweyo imene boma linkawachotsapo.

Mkwiyo wa malimidwe, pamodzi ndi wa thangata ndi wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi umene unabutsa zipolowe zomwe zinayambira ku Thyolo mu 1953 n'kufalikira m'maboma oyandikana nawo. Boma linali litayamba kugula malo ena a maesiteti potsatira lipoti la Sidney Abrahams la 1946, koma kugulako kunali kochepa m'madera a tiyi. Chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha 1961 kukakamiza kwa malimidwe kunazilala, ndipo thangata linathetsedwa ndi lamulo la 1962, koma malire a maesiteti a tiyi anatsala pafupifupi momwe analili, kotero kuti vuto la malo linadutsa mu ufulu wa 1964 lisanathetsedwe.

Kuchokera pa ufulu kufika lero

Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linaika mtima pa chimanga, fodya, thonje ndi mtedza, ndipo bungwe la ADMARC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, linkagula mbewu zouma m'misika yake, pamene ngongole za makalabu a alimi zinali za feteleza ndi mbewu ya chimanga. Ndiwo zamasamba, zomwe zimafota tsiku limodzi, zinatsala kunja kwa dongosolo limeneli, kupatula kafukufuku wa ku Bvumbwe m'boma la Thyolo ndi fakitale ya ADMARC ya ku Mulanje yoika nanazi ndi zokolola zina m'zitini. Bungwe la Smallholder Tea Authority, lomwe linayamba mu 1967, linalowetsa mabanja ena mu ulimi wa tiyi, zomwe zinawapatsa ndalama za mwezi ndi mwezi koma zinachepetsanso malo a chakudya. Chinthu china cha nthawi imeneyi chomwe chinasiya chizindikiro ndi ntchito za madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera kuphiri, monga za ku Chambe ndi kumadzulo kwa Mulanje, momwe anthu a m'midzi anakumba okha ngalande za mapaipi n'kusankha makomiti oyang'anira mipope, ndipo ngakhale madziwo anali akumwa, luso loyendetsa madzi mogwirizana linadzathandiza pa ulimi wothirira.

Kuyambira mu 1986 nkhondo ya ku Mozambique inabweretsa anthu othawa kwawo ochuluka m'maboma a m'malire, kuphatikizapo Mulanje, ndipo mpaka pamene anabwerera cha mu 1994 anawonjezera ogula, aganyu ndi kufunika kwa nkhuni. Mtendere utabwerera, msika wa Limbuli pafupi ndi chipata cha Muloza unakula n'kukhala umodzi mwa misika ikuluikulu ya zokolola m'chigawo cha kumwera, wolandira chimanga, nyemba ndi nandolo zochokera ku Milange m'dziko la Mozambique. Kuloledwa kwa amalonda wamba kugula mbewu mu 1987, kugwa kwa mphamvu ya kwacha kuyambira mu 1994 ndi kuchotsedwa kwa sabuside ya feteleza m'zaka zomwezo zinachititsa kuti banja lililonse lizifuna ndalama chaka chonse, ndipo kuchuluka kwa mavenda ndi maminibasi pa msewu wa Midima ndi wa Thyolo kunayandikitsa misika ya Limbe ndi Blantyre kwa alimi a ku Nkando, Chinakanaka ndi Chitakale. Matenda a Edzi, omwe anakantha boma lino kwambiri, anachotsa anthu amphamvu m'mabanja ambiri ndi kusiya agogo akulera ana amasiye ndi zokolola za timadimba tating'ono.

Njala ya 2001 ndi 2002 inasintha maganizo a boma pa dimba, pakuti ulimi umene kale unkaletsedwa kapena kunyalanyazidwa unayamba kulimbikitsidwa ngati njira yokolola kawiri pachaka. Boma ndi mabungwe anagawa mbewu ndi feteleza wa ulimi wa m'chilimwe pamodzi ndi mapampu opalasa ndi miyendo, lamulo la ulimi wothirira linakhazikitsidwa mu 2001, ndipo alangizi a m'madera a zaulimi a Thuchila, Kamwendo, Msikawanjala, Milonde ndi Mulanje Boma anayamba kuthandiza magulu a alimi kukhazikitsa masikimu ang'onoang'ono. Matenda a chisaka atawononga nthochi, zomwe zinali gwero la ndalama m'maboma a Thyolo ndi Mulanje, mabanja enanso anatembenukira ku tomato ndi masamba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 684,107 m'boma la Mulanje, lomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita 2,056 chichokereni Phalombe kukhala boma palokha mu 1998, kutanthauza anthu oposa 300 pa sikweya kilomita iliyonse ngakhale asanachotsepo phiri ndi maesiteti, ndipo n'chifukwa chake mabanja ambiri ali ndi minda yosafika theka la hekitala.

Chaka cha mlimi wa m'dimba

Ntchito ya dimba imayamba mu Malichi ndi Epulo, mvula ikamachepa, pamene mlimi amafesa nazale pamalo okwera pang'ono, kuiphimbira ndi udzu, ndi kuyamba kugaula mabedi omwe amathiramo manyowa a mbuzi, a nkhuku kapena a kompositi. Mbande za mpiru, repu, tchainizi ndi kabichi zimawokeredwa pakatha pafupifupi mwezi umodzi, ndipo miyezi yozizira ya Meyi, Juni ndi Julayi ndiyo yabwino kwa mbewu zimenezi chifukwa tizilombo timachepa ndipo madzi sauma msanga. Mpiru ndi repu zimayamba kutcholedwa patangopita milungu inayi kapena isanu ndi umodzi chiwokerereni, ndipo popeza amatchola masamba akunsi okha n'kusiya mtima, bedi limodzi limapereka ndiwo ndi ndalama sabata ndi sabata kwa miyezi ingapo. Kabichi amafuna pafupifupi miyezi itatu, tomato amayamba kupsa pakatha miyezi iwiri ndi theka kapena itatu, pamene anyezi amatenga miyezi inayi kapena isanu koma ali ndi ubwino woti akauma amasungika. M'nyengo yomweyi kumtunda kumapezeka nandolo wamuwisi, yemwe ndi ndiwo yofunika kwambiri m'makomo a ku Mulanje.

Kuyambira mu Ogasiti mpaka Novembala kutentha kumakula, zitsime zimatsika, kuthirira kumafunika m'mawa ndi madzulo, ndipo nsabwe za m'masamba ndi akangaude ofiira a tomato zimachuluka. Iyi ndi nthawi ya chimanga chachiwisi chogulitsa chowotcha kapena chophika, therere lobala ndi mabiringanya, komanso ndi nthawi imene tomato amadzaza misika chifukwa alimi ambiri anawokera m'masabata ofanana, kotero kuti mtengo wa dengu umagwa pa nthawi imene thukuta la kuthirira lafika pachimake. Mvula ikagwa madimba ambiri a m'chigwa amamira ndipo amasiyidwa kapena amabzalidwa mpunga ndi nzimbe, koma ndiwo zimachokera kumtunda, komwe mnkhwani, chitambe, kholowa ndi chigwada zimatcholedwa pakati pa mizere ya chimanga pamodzi ndi zomera zokha monga bonongwe, luni, chisoso ndi denje. Tomato wa m'dzinja amavutika ndi chiwawu, matenda owotcha masamba ndi zipatso pa nyengo yachinyontho, choncho amasowa ndipo amadula, zomwe zimapindulira alimi ochepa okhala ndi malo osadikha madzi ndi ndalama za mankhwala. Kumapeto kwa dzinja amayi amafutsa masamba, ndiye kuti amawawiritsa pang'ono n'kuwayanika padzuwa, ndipo mfutso wotere umasungidwa m'chikwatu, chomwe ndi phukusi la masamba a mtengo lomangidwa ndi luzi, kapena masiku ano m'thumba, kudikira miyezi yosowa ndiwo.

Thandizo la mudzi ndi malire ake

M'mayiko ena muli dongosolo lomwe mabanja ogula amalipiriratu mlimi kumayambiriro kwa nyengo n'kumalandira gawo la zokolola sabata iliyonse, zichuluke kapena zichepe. Ku Japan mgwirizano wotere, wotchedwa teikei, unakula m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku United States unayamba mu 1986 pa mafamu a Indian Line ku Massachusetts ndi Temple-Wilton ku New Hampshire, komwe unatchedwa Community Supported Agriculture. Mtima wa dongosolo limeneli ndi wakuti ogula amasenza nawo chiopsezo cha mlimi, popeza mbewu zikalephera onse amaluza pamodzi. Kuyerekeza ndi zimenezi kumathandiza kuona bwino mphamvu ndi kufooka kwa thandizo limene dimba la ku Mulanje limalandira.

Pa nkhani ya malo, mbumba idakali maziko, koma monga Pauline Peters anasonyezera pa kafukufuku wake wa zaka zambiri m'boma loyandikana nalo la Zomba, kuchepa kwa malo kwachulukitsa mikangano pakati pa abale, ndipo dimba lomwe kale linkabwerekedwa kwaulere tsopano limachititsidwa lendi pa nyengo iliyonse. Pa nkhani ya ntchito, dima lalowedwa m'malo ndi ganyu, yemwe ndi ntchito yapangano yolipidwa ndi ndalama kapena chakudya, ngakhale magulu a mpingo ndi a amayi amathandizabe odwala ndi okalamba. Pa nkhani ya mpamba, alimi amadalira chipereganyu, momwe mamembala amasonkha ndalama n'kupatsa mmodzi mosinthana, ndi banki m'khonde, momwe amasunga ndi kubwereketsana pa chiwongoladzanja n'kugawana kumapeto kwa chaka. Pa nkhani ya madzi, makomiti a masikimu amagawa masiku othirira ndi kuitana anthu kukonza ngalande, ndipo mlandu wa wakumtunda wotseka madzi umakathera kwa nyakwawa. Dimba nalonso limabweza kumudzi, chifukwa pamaliro ndi paukwati ndiwo zimachokera kwa amene ali nazo, ndipo mnansi wosowa saletsedwa kutchola masamba a mphika umodzi.

Kufooka kuli kumsika. Wogula wamkulu ndi wopikula, yemwe amafika kudimba kapena kumsika m'mamawa, amatchula mtengo wa dengu akudziwa kuti tomato wakupsa sangadikire, ndipo amakagulitsa m'milu ku Chitakale, Luchenza kapena Limbe. Pali maubale okhalitsa pakati pa alimi ndi makasitomala awo, monga antchito a m'maesiteti, aphunzitsi ndi anamwino omwe amatenga ndiwo pa ngongole n'kulipira pakutha pa mwezi, koma m'maubale amenewa mlimi ndi amene amakongoza wogula, zomwe ndi zosemphana ndi dongosolo la kulipiriratu. Motero mudzi umagawana ndi banja malo, madzi ndi ntchito, koma mbewu zikapsa ndi matenda, zikakokoloka kapena zikagwa mtengo, chitayiko chonse chimagwera banja lokha.

Chiopsezo chimenechi chakula m'zaka zaposachedwa. Nkhalango ya phiri, yomwe inakhala yotetezedwa mu 1927, yaonongeka ndi kudula mkungudza, kuotcha makala ndi moto wolusa, choncho madzi amatsika mwaukali m'dzinja ndipo timitsinje tina timaphwa msanga m'chilimwe. Napolo, dzina limene anthu amatcha chigumula cha madzi, matope ndi miyala chochokera m'phiri, anapha anthu mazana ku Phalombe mu Malichi 1991, madzi osefukira anaononganso mu Januwale 2015, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakwirira madimba ambiri ndi mchenga ndi miyala, kugumula ngalande ndi kusuntha njira za mitsinje ina. Pamwamba pa izi, kachilombo ka Tuta absoluta koboola masamba ndi zipatso za tomato, ndi ntchemberezandonda zachilendo zoononga chimanga, zomwe zinafika m'dziko lino cha m'ma 2016 ndi 2017, zakweza ndalama zimene mlimi amaononga pa mankhwala.

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti dimba la ku Mulanje lapirira nkhondo za akapolo, thangata, malimidwe ndi njala chifukwa linali ndi madzi a m'phiri ndi mgwirizano wa anthu a m'mudzi, ndipo nthawi iliyonse imene malo kapena malipiro zachepa mabanja akhala akuwonjezera katundu pa kamunda komweko. Kugawa mapampu ndi mbewu kwachulukitsa zokolola koma sikunasinthe amene amaluza zinthu zikavuta. Tsogolo la ulimi umenewu lidalira zinthu ziwiri zomwe banja limodzi silingathe palokha, zomwe ndi kuteteza nkhalango ndi magombe kumene madzi amachokera, ndiponso kupanga mapangano okhazikika pakati pa magulu a alimi ndi ogula aakulu monga sukulu zogonera komweko, zipatala, malo ogona alendo ndi maesiteti, momwe mtengo ndi kuchuluka kwa ndiwo zimagwirizanidwa mbewu isanafesedwe.